Kukonza miyendo yakutsogolo ya MGB: sipuling'i, kingpin ndi mabushi

Funso la miyendo yakutsogolo ya galimoto limabwera mosiyanasiyana koma ndi limodzi. Wina amati galimoto ikugogoda kutsogolo ikangoponda bampu. Wina amati ikafika pa liwiro imayamba kuyenda mwa yokha, chiwongolero osachimvera. Wina amati anaika mabushi atsopano, timapaipi ta mphira kapena mkuwa tokhala pomwe zitsulo ziwiri zimayenderana, chaka chatha koma lero ang'ambika kale. Ndayankha kambirimbiri, choncho ndalemba zonse pano kuti wofunsa aliyense aziwerenga yekha.

Ndikunena za MGB, galimoto yomwe inkapangidwa ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980. Zokhudza sipuling'i ndi mabushi a mphira zimagwiranso ntchito pa galimoto zina zakale zokhala ndi mikono iwiri mbali iliyonse, koma manambala onse omwe ali muno ndi a MGB yokha. Musawatengere ku galimoto ina.

Tiyambe tagwirizana mayina. Crossmember ndi chitsulo chachikulu chopingasa pansi pa injini, pomwe miyendo yonse iwiri imamangidwa. Mkono wapansi, womwe amakanika amautcha wishbone, ndi zitsulo ziwiri zoyenda limodzi, ndipo pakati pake pali mbale yachitsulo yotchedwa spring pan, pomwe sipuling'i imakhala. Mkono wapamwamba ndi shoko yeniyeniyo: MGB ili ndi shoko ya Armstrong yokhala ngati kabokosi ka oyilo komwe kamatulutsa mikono iwiri, ndipo mikono imeneyi ndi yomwe imagwira mwendo kumwamba. Kingpin ndi mtanda wachitsulo woimirira womwe umalumikiza mkono wapansi ndi wapamwamba. Swivel axle ndi chitsulo chomwe chimavalidwa pa kingpin n'kumazungulira mukakhotetsa chiwongolero, ndipo habu, chitsulo chomwe tayala limamangidwapo, imakhala pa icho. Trunnion ndi kachitsulo ka pamutu pa kingpin komwe kamalowa pakati pa mikono ya shoko. Mazinga ndi mizere yozungulira ya pa bawuti yomwe nati imayendamo.

1. Pezani chomwe chatha musanagule kanthu

Musapope girizi musanayeze. Girizi watsopano amadzaza mpata wa chitsulo chodyeka, mwendo n'kumaoneka wolimba kwa masiku angapo.

Ikani jeke pansi pa spring pan n'kukweza mpaka tayala lichoke pansi. Jeke ikhale pamenepo osati pa crossmember, chifukwa mukakweza pa crossmember sipuling'i imakankhira mkono pansi, zonse n'kukungika, kugwedera n'kubisika. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Mukamva kugwedera, wina aponde buleki mwamphamvu inu mugwedezenso. Kukatha, ndi bering'i ya habu. Kukapitirira, ndi mabushi a kingpin kapena bawuti yapansi pa kingpin. Dziwani kuti bering'i ya MGB imayenera kukhala ndi kampata kakang'ono kwambiri, choncho kugwedera kongomveka pang'ono m'manja komwe kumatha buleki ikapondedwa si matenda.

Kenako lowetsani chitsulo chachitali pansi pa tayala, mulinyamule n'kulitsitsa, wina akuyang'ana kumbuyo kwake ndi tochi. Swivel axle ikamakwera ndi kutsika pa kingpin, mawashala apamwamba adyeka. Kingpin ikamayenda payokha pakati pa zitsulo ziwiri za mkono wapansi, vuto lili pa bawuti yapansi. Pomaliza gwirani tayala kumanja ndi kumanzere. Kugwedera kwa uku ndi kwa track rod end, mfundo ya kumapeto kwa ndodo yokhotetsa tayala, kapena rack ya chiwongolero, chitsulo cha mano chomwe chimakankha ndodoyo, ndipo sikungathe ngakhale mutasintha kingpin.

Yang'ananinso mabushi anayi amkati, awiri mbali iliyonse, omwe ali pomwe mkono wapansi umagwira ku crossmember. Mphira ikatuluka m'mbali ngati lilime, kapena mkono ukakhala kuti sunakhale pakati pa bushi, atha.

2. Sonkhanitsani zida

Mabawuti a MGB ndi a mainchi, mazinga ake a mtundu wotchedwa UNF. Masipanala a mamilimita amaoneka ngati akukwana koma amadya makona a nati, makamaka yadzimbiri. Mufunika masipanala ndi masoketi a 1/2, 9/16, 5/8, 11/16 ndi 3/4, komanso soketi ya 1 1/8 ya nati ya habu. Onjezani torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira nati), jeke yamatayala yolimba, masitandi awiri, chochotsera track rod end, sowo yodulira zitsulo ndi mipeni yake ingapo, vaisi, tcheni chachifupi cholimba ndi pampu ya girizi.

Zogula zikhale za mbali zonse ziwiri: mabushi amkati, mabushi a trunnion, zida za bawuti yapansi zonse pamodzi, ma split pin atsopano (timisomali totseka nati kuti isamasuke), mashimu a bering'i (timawashala topyapyala kwambiri) ndi oil seal ya habu (kamphira kotchinga girizi). Kukonza mbali imodzi yokha kumachititsa galimoto kukokera mbali ina mukaponda buleki. Koma pogwira ntchito, malizani mbali imodzi kaye, inayo ikhale chitsanzo chanu mukaiwala momwe washala inakhalira.

3. Yezani, jambulani, nyowetsani

Galimoto ili pamalo athyathyathya, yezani kuchokera pakati pa habu kufika m'munsi mwa kachitsulo konyezimira ka m'mbali mwa bodi, mbali zonse, mulembe. Muyeso umenewu mudzaufuna pa gawo 12. Jambulani mwendo ndi foni kuchokera kutsogolo, kumbuyo ndi pansi. Pakani oyilo wosungunula dzimbiri pa nati iliyonse masiku awiri kapena atatu ntchito isanayambe, m'mawa ndi madzulo, mutayamba mwachotsa matope ndi burashi yawaya.

4. Kwezani galimoto mokwanira

Tsekerani matayala akumbuyo, kokani handibuleki, masulani pang'ono manati a matayala akutsogolo. Kwezani pa crossmember, muike masitandi pansi pa zitsulo ziwiri za chasisi kumbuyo kwa crossmember. Njerwa ndi mabuloko a simenti zimasweka mosachenjeza, musaziyerekeze. Pansi pa crossmember pakhale mpata wa masentimita pafupifupi 40. Ambiri amakweza pang'ono, ndiye potsitsa mkono jeke imafika pansi sipuling'i ikadali yopanikizika, n'kusowa kolowera.

Ngati galimoto yanu ili ndi matayala a masipoko, mahabu ake ndi osiyana kumanja ndi kumanzere, ndipo mazinga a nati yaikulu yapakati amayenda mosiyana. Lembani chizindikiro pa habu iliyonse. Mukawasinthanitsa, natiyo imamasuka yokha galimoto ikuyenda.

5. Chotsani zozungulira mwendo

Masulani mabawuti awiri a caliper ya buleki, chitsulo chomwe chimapana disiki, muimangirire m'mwamba ndi waya. Isalendewere pa paipi yake ya mphira, chifukwa paipiyo imatha kuduka mkati kunja ikuoneka yabwino. Simukufunika kumasula paipi ngati simukuisintha. Chotsani nati ya track rod end n'kuitulutsa ndi chida chake. Masulani kamtanda kolumikiza anti-roll bar, ndodo yopingasa yochepetsa kupendekeka pa kona, ndi mkono wapansi. Chotsani kapu ya habu, split pin, nati ndi washala, mukoke habu pamodzi ndi disiki. Mkatimo muli kapaipi kachitsulo kosiyanitsa mabering'i awiri ndi timashimu topyapyala. Timamatira ku girizi n'kutayika mosavuta, choncho tiwerengeni, mutisunge m'kathumba kolembedwa mbali yake.

6. Kutsitsa sipuling'i

Apa ndi pomwe anthu amavulala, ndiye werengani gawo lonse musanagwire sipanala.

Sipuling'i ya MGB ndi yaifupi, ikamasuka imatalika masentimita 23 mpaka 26 kutengera mtundu wa galimoto, koma ikakhala m'malo mwake imakankha ndi mphamvu ya makilogalamu mazana angapo. Mutu wake umabisala mkati mwa crossmember, choncho zopanikizira zokola kunja, zomwe zimagwira ntchito pa galimoto zamakono, pano sizipeza pokola pokwanira ndipo zimapulumuka. 

Njira yodalirika ndi ya jeke, ndipo imagwira ntchito pokhapokha injini ili m'galimoto. Kulemera kwa injini ndi komwe kumagwira galimoto kuti jeke ipanikize sipuling'i. Injini ikakhala kuti inachotsedwa, jeke imangonyamula galimoto yonse kuichotsa pa masitandi, sipuling'i osasuntha.

Pisani tcheni pakati pa mizere ya sipuling'i n'kuchizunguliza pa mkono wapansi, muchitseke ndi bawuti ndi nati. Chikhale cholefuka kuti sipuling'i ithe kutambasuka, koma chachifupi moti singalumphire kunja. Ikani jeke pansi pa spring pan chakunja, pafupi ndi kingpin, kathabwa kali pakati kuti chitsulo chisaterereke pa chitsulo chinzake. Jekeyo iloze mopingasa galimoto, motsatira mkono, ndipo matayala ake akhale omasuka pa simenti yosalala. Chifukwa chake n'chakuti mkono ukamatsika sutsika molunjika, umakhotera mkati ngati chitseko, ndiye jeke iyenera kugubuduka kuutsatira. Jeke yoikidwa motsatira utali wa galimoto singagubuduke mbali imeneyo, ndipo mbale imatha kuterereka pamutu pake sipuling'i ikadali ndi mphamvu.

Kwezani jeke mpaka mikono ya shoko ichoke pa kamphira komwe imatsamira mwendo ukalendewera. Tsopano jeke ndi yomwe yasenza sipuling'i. Masulani pang'ono manati a mabushi amkati ndi nati ya bawuti yapansi, osawachotsa. Masulani bawuti yapakati yomwe imalumikiza mikono iwiri ya shoko kuti mikonoyo ithe kukanuka. Chotsani split pin ndi nati ya bawuti ya trunnion, muitulutse pomenya ndi chitsulo chocheperapo. Ikatuluka, swivel axle imagwera kunja, ndiye muigwire kapena muimange ndi waya. Imani chakutsogolo kwa galimoto, osati moyang'anizana ndi sipuling'i, nkhope ndi manja zili kutali, mutsegule valavu ya jeke pang'onopang'ono kwambiri. Yesererani valavuyo musanayambe, chifukwa majeke ena amagwa kamodzi n'kamodzi mukangopotokola pang'ono. Mkono ukafika pansi, gwedezani sipuling'i ndi ndodo. Ikamagwedera momasuka, ndiye mungaigwire ndi manja n'kumasula tcheni.

Ngati injini mulibe kapena pansi si posalala, njira ya jekeyi musaitsate.        

Imikani masipuling'i awiri pamodzi pa tebulo. Akasiyana utali ndi mamilimita oposa asanu, kapena ina ikakhala ndi dzimbiri lokumba maenje, gulani awiri atsopano. Pogula tchulani chaka ndi mtundu wa galimoto, chifukwa ya denga lolimba yotchedwa GT, yopanda denga, ndi zija za mabampa a mphira zomwe zinayamba kumapeto kwa 1974, sizigwiritsa ntchito sipuling'i imodzi.

7. Bawuti yapansi ikakana kutuluka

Kumunsi kwa kingpin kuli bowo lokhala ndi bushi ya mkuwa. Mu bushimo mumadutsa kapaipi kachitsulo, mu kapaipimo mumadutsa bawuti, ndipo mbali zonse ziwiri kuli washala yachitsulo, kamphira kotchinga fumbi ndi kachitsulo kogwira kamphirako. Mwa dongosolo lake, bawuti imapanikiza kapaipi pakati pa zitsulo ziwiri za mkono kuti kasayende, kingpin ndi yomwe imazungulira pa kapaipiko. Girizi akasowa kwa zaka, kapaipi kamagwirana ndi bushi, dzimbiri n'kukamatiriranso ku bawuti. Zikatero chinthu chokha chomwe chimatha kuzungulira ndi bawutiyo m'mabowo a mkono, ndipo mabowowo amadyeka n'kukhala ngati dzira.

Musamenye nyundo kumapeto kwa mazinga. Chitsulo chimafutukuka ngati bowa ndipo sichingadutsenso m'bowo. Bwezerani nati yakale mpaka ifanane ndi mutu wa bawuti, mumenye pa natiyo, mbali inayo mutatsamiritsa pa chitsulo cholemera. Ikakana kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, lekani. Masulani mbale, chotsani chitsulo cha mkono cha mbali ya nati, mutengere zotsalazo ku vaisi, mudule bawuti pakati pa mkono ndi washala ndi sowo. Bawutiyo ndi yotaya kale, pomwe mkono wopindika ndi nyundo umasokoneza kaimidwe ka tayala.

8. Yang'anani zonse zomwe zatuluka

Tsukani zitsulo, kenako lowetsani bawuti yatsopano m'bowo lililonse lakunja la mkono. Ikamagwedera, sinthani chitsulocho. Kuwotcherera washala pa bowo lodyeka sikubweza bowo pamalo pake enieni. Gogodani mbale ya sipuling'i pomwe madzi amakhazikika, mutsegule tibowo totulutsira madzi. Chitsulo chamkati chomwe mabushi amavalidwa chiyenera kukhala chosalala. Chikakhala ndi maenje a dzimbiri chimadya mphira ngati tupa, ndipo chimasinthika mosavuta chifukwa chimangomangidwa ku crossmember ndi mabawuti anayi.

Yesani shoko poyendetsa mkono wake kuchokera pamwamba mpaka pansi. Uyenera kulimba mofanana njira yonse. Ukayenda momasuka kaye kenako n'kulimba, onjezani oyilo wake kapena oyilo wopyapyala wa SAE 20, mupope kangapo kuti mpweya utuluke. Zikapanda kusintha, kapena oyilo akamatuluka pomwe mikono imalowera m'bokosi, kapena mkono ukamagwedera cham'mbali, shokoyo yatha. Kumbukirani kuti ndi mkono wapamwamba wa mwendo, choncho kugwedera kwake ndi kugwedera kwa tayala. Mabawuti ake anayi amamangidwa 43 mpaka 45 lbf ft, pafupifupi 60 Nm (miyeso ya pa torque wrench), ndipo nthawi zambiri amapezeka atamasuka okha. Kugogoda kwina komwe anthu amanamizira kingpin kumachokera pamenepa.

Pa swivel axle, pukutani bwino patsinde pa mtanda womwe habu imavalidwa, muyang'ane ndi galasi lokulitsa. Mng'alu uliwonse, ngakhale wonga tsitsi, ndiye kuti chitsulocho chatha ntchito.

9. Kingpin ndi mabushi ake

Chotsani nati ya pamutu pa kingpin, mukoke trunnion. Imakonda kugwira, ndiye itenthetseni pang'ono kapena gwiritsani ntchito chokokera. Pansi pake pali washala ya mkuwa pakati pa mawashala awiri achitsulo. Kenako swivel axle imatuluka, pamodzi ndi timapaipi tiwiri totchinga fumbi tokhala ndi kasipuling'i pakati.

Mabushi awiri a mkuwa a mu swivel axle sabwera okwana kale. Mukawapanikiza m'malo mwake amafunika kupalidwa mkati ndi chida chotchedwa reamer, ndipo si reamer iliyonse. Bushi yapamwamba ndi yaing'ono, yapansi ndi yaikulu, ndipo mabowo awiriwo ayenera kukhala pa mzere umodzi ndendende. Reamer yake ndi yaitali, ya masayizi awiri, yopala mabushi onse nthawi imodzi. Mukapala iliyonse payokha, kingpin imalowa mothina ngakhale bushi iliyonse payokha ili yokwana, ndiye munthu amapalanso mpaka ilowe, mapeto ake mpata wabwerera tsiku lomwelo. Ngati chidacho mulibe, gulani swivel axle yokonzedwa kale pamodzi ndi kingpin yake, yomwe ogulitsa zida za MG amapereka posinthana ndi yanu yakale, kapena perekani ntchitoyi kwa wodziwa makina opalira zitsulo. Kwa munthu wokonza galimoto imodzi, ndikuona kuti kusinthanitsa ndi kwanzeru kuposa kugula reamer yodula yomwe adzaigwiritsa ntchito kamodzi.

Ngati mukupala nokha, onetsetsani kuti bowo la girizi la bushi layang'anizana ndi bowo la nipo, kachitsulo kopoperapo girizi, musanapanikize. Ikakhota pang'ono, girizi sadzafikako mpaka kalekale. Potokolani reamer mbali imodzi yokha, ya kumanja, polowetsa ndi potulutsa pomwe, chifukwa kubweza kumabunthitsa mano ake. Tsukani tizidutswa tonse ta mkuwa, mupope girizi pa nipo mpaka atuluke woyera.

Pomanga, mawashala achitsulo apamwamba aja amabwera m'makulidwe atatu osiyana pang'ono. Sankhani omwe, nati ikamangidwa 60 lbf ft, kapena 81 Nm, swivel axle imazungulira mosavuta ndi dzanja limodzi koma kukwera ndi kutsika kwake sikupitirira mamilimita 0.05. Ikathina, chiwongolero chimalemera ndipo sichibwerera chokha mukatuluka pa kona. Ikalefuka, kugogoda kumapitirira. Musachepetse kuthina pomasula nati. Sinthani washala. Nati imeneyi muimange komaliza trunnion italowa kale pakati pa mikono ya shoko, kuti ikhale italoza koyenera.

10. Mabushi amkati

Pali mitundu itatu. Oyamba ndi a mphira wamba, omwe galimoto zambiri zinabwera nawo, ndipo sachedwa kutha. Achiwiri ndi omwe ankaikidwa pa MGB GT V8, a chidutswa chimodzi chokhala ndi kapaipi kachitsulo mkati. Amakwana pa MGB iliyonse ndipo amakhalitsa, choncho ndi omwe ndingakulangizeni. Amalowa popanikiza mu vaisi, soketi yaikulu ili kumbuyo kolandirira, mpaka mphira itulukire mofanana mbali zonse. Achitatu ndi a polyurethane, olimba kwambiri, omwe amachititsa chiwongolero kumvera msanga koma amalowetsa phokoso la msewu m'galimoto.

Mphira ndi girizi wamba siziyenderana, imafufuma n'kufewa. Polowetsa bushi ya mphira gwiritsani ntchito madzi a sopo. Ya polyurethane imafuna girizi wake wa silicone, apo ayi imalira. Pa chitsulo chomwe kapaipi ka bushi ya V8 kamavalidwa pakani girizi wa kopa pang'ono kuti kasadzagwire dzimbiri.

11. Kubwezera

Valani zitsulo ziwiri za mkono pa chitsulo chamkati, chokhala ndi bowo la anti-roll bar chikhale kutsogolo. Ikani mawashala ndi manati, mumange ndi zala zokha. Mangirirani mbale, mabawuti akhale olefuka. Lowetsani kingpin ndi zida zake zapansi, bawuti yatsopano mutaipaka girizi wa kopa. Samalani timphira totchinga fumbi, timakonda kupindika polowa. Khazikani sipuling'i m'mbale, mutu wake ulowe pa kachitsulo kozungulira ka mkati mwa crossmember, bwezerani tcheni, mukweze jeke pang'onopang'ono mukuyang'ana kuti sinachoke m'malo. Lowetsani trunnion ndi mabushi ake awiri a mphira, mbali yosongoka ikuloza mkati, mupise bawuti. Mangani mabawuti a mbale 22 lbf ft, kapena 30 Nm. Mangani bawuti yapansi zolimba n'kuika split pin, chifukwa imeneyi ilibe mphira yopotoka. Manati a mabushi amkati ndi a trunnion asiyeni olefuka.

Habu ya MGB siyikonzedwa ngati ya galimoto zina zomwe mumamanga nati n'kuibweza pang'ono. Pano nati imamangidwa zolimba, 40 mpaka 70 lbf ft, kapena 54 mpaka 95 Nm, ndipo mpata wa bering'i umachokera ku mashimu. Amabwera a 0.003, 0.005 ndi 0.010 inchi. Yambani mwamanga popanda girizi ndi mashimu ochulukirapo, muyeze kuyenda kwa habu mkati ndi kunja, muzichotsa mashimu mpaka mpata ukhale mamilimita 0.05 mpaka 0.10. Mukaupeza, masulani, pakani girizi, ikani oil seal, mangani 40 lbf ft, kenako onjezani mpaka bowo la split pin lionekere. Musabweze nati kufuna bowo. Ndipo musataye kapaipi kapakati kaja poganiza kuti n'kosafunika, chifukwa kakapanikizika kamalimbitsa mtanda wa habu. Bwezerani caliper, nipo yotulutsira mpweya ili pamwamba, kenako track rod end ndi tayala.

12. Mangani mabushi galimoto itaponda pansi

Ili ndi yankho kwa uja wa mabushi ong'ambika chaka chimodzi, ndipo mabuku ambiri amangolitchula m'mzere umodzi.

Bushi ya mphira sizungulira pa chitsulo chake. Nati ikamangidwa, mkati mwa bushi mumagwira chitsulo chamkati, kunja kwake kumagwira mkono, ndipo mwendo ukamakwera ndi kutsika mphirayo imangopotoka ngati nsalu yofinyidwa n'kubwerera. Pomwe mkono unali pa nthawi yomanga nati ndi pomwe mphira imapumira. Mukamanga galimoto ili pa masitandi, miyendo ikulendewera, ndiye kuti mphira imapumira pansi penipeni. Mukatsitsa galimoto, mkono umakwera ndipo mphira imakhala yopotoka usana ndi usiku galimoto itangoima. Ikaponda bampu imapotokanso kuwonjezera apo, kupitirira malire ake. Zizindikiro zake ndi galimoto yoima motukuka kutsogolo kuposa kale, yolimba poyenda, ndi mabushi ong'ambika pasanathe miyezi yambiri.

Tsitsani galimoto pa matayala ake. Ikankheni mamita awiri kutsogolo ndi kubwerera, chifukwa matayala akangotera amagwira pansi miyendo isanakhazikike. Dinikizani kutsogolo kangapo. Yezaninso kuchokera pa habu kufika pa kachitsulo konyezimira kaja. Masipuling'i akakhala akale, muyeso ufanane ndi woyamba. Akakhala atsopano ukhoza kukwera pang'ono, koma mbali ziwiri zifanane. Vuto n'lakuti MGB ndi yotsika ndipo sipanala sifika bwino. Njira yabwino ndi kukweza matayala akutsogolo pa marampu, akumbuyo n'kuwakwezanso pa matabwa ochindikala kuti galimoto isapendekeke. Ngati marampu mulibe, siyani galimoto pa masitandi, mukweze jeke pansi pa mbale chakunja mpaka chasisi ya mbali imeneyo itangoyamba kupepuka pa sitandi, mumange muli pambali, osalowa pansi. Mangani manati anayi amkati ndi awiri a trunnion, bawuti yapakati ya mikono ya shoko, ndi timitanda ta anti-roll bar, kenako ma split pin atsopano paliponse. Mabushi a polyurethane amazungulira pa kapaipi kawo ndiye sakhudzidwa kwambiri, koma ngati a trunnion ndi a mphira, lamuloli likuwakhudzabe.

13. Girizi, kuwongola matayala ndi kuyesa

Nthawi zambiri pamakhala manipo atatu mbali iliyonse: bushi yapamwamba, bushi yapansi ndi bawuti yapansi. Popani jeke ili pansi pa mbale, tayala lili m'mwamba, mukukhotetsa chiwongolero uku ndi uku, mpaka girizi watsopano atulukire m'mphepete. Tayala likaponda pansi mawashala apamwamba amapanikizana ndipo girizi salowa pakati pawo. Nipo yokana kulandira girizi ichotseni, muitsuke kapena muisinthe. Bwerezani pa makilomita 5,000 aliwonse.

Pa MGB yosasinthidwa, chomwe chimakonzeka ndi toe-in yokha, kutanthauza kuyandikana kwa matayala kutsogolo kwake poyerekeza ndi kumbuyo kwake. Iyenera kukhala mamilimita 1.6 mpaka 2.4 galimoto ili yopanda katundu. Potokolani ma track rod onse awiri mofanana kuti mazinga otsala afanane mbali zonse, apo ayi galimoto imakhota kwambiri mbali imodzi kuposa inzake. Makina akaonetsa kuti tayala lina lapendekeka mosiyana ndi linzake, palibe chopotokola. Fufuzani mkono wopindika, shoko yomasuka kapena timphira ta pakati pa crossmember ndi bodi tomwe taphwanyika.

Musanayendetse, pondani buleki kangapo mpaka ilimbe, chifukwa mapistoni a caliper amakhala atabwerera. Yendani pang'onopang'ono kaye, mumvetsere, muone ngati chiwongolero chikubwerera chokha mukatuluka pa kona. Mukabwera gwirani mahabu. Kufunda n'kwabwino, koma yotentha moti dzanja silingakhalepo ndiye kuti mashimu achepa. Pakatha makilomita 150, yesaninso ndi torque wrench mabawuti a shoko, a mbale, a caliper ndi manati a matayala, mupopenso girizi pa manipo onse.